Desiki Ikubwera Lero

Basi inachedwa pasiteji. Bambo wina wovala tayi anakhala pabenchi pafupi ndi mayi wachikulire wa ambulera yofiira, ndipo mayiyo ndiye anayamba.

"Bambo, tayi dzuwa lonseli? Ndinu loya kapena mukukafunsira?"

"Loya, mayi. Koma ofesi anatseka kalekale. Mabwana akuti makasitomala tizionana nawo pakompyuta, aliyense ali kwawo."

"Nanga mukupita kuti?"

"Kugalaja kwa mnzanga. Ndimakhala m'galimoto yakufa, laputopu pamiyendo, n'kumalangiza anthu zamalamulo."

"Kalanga ine! Kunyumba kulibe mpando?"

"Ulipo, koma mayi akunyumba sindinawauze. Akangodziwa kuti ndimapezeka masana, ndatha ine. 'Bambo a mwana, tagwirani mwanayu. Bambo a mwana, kaanuleni zovala.' Kasitomala angandilemekeze thewera lili paphewa?"

"Ndiye nkhope yagweranji, poti munachenjera kale?"

"Kampani yatigulira madesiki. Lero lole ikutula imodzi pakhomo pa aliyense. Akangoiona, chinsinsi changa chathera pomwepo."

Mayi uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, malaya osalala chonchiwa amakusitirani ndani?"

"Iwowo. M'mawa uliwonse, osadandaula. Amandiperekezanso mpaka pageti."

"Ndiye khazikani mtima pansi. Ine banja ndakalamba nalo. Mkazi woperekeza mwamuna mpaka pageti amafuna aone ndi maso ake kuti wapitadi. Desikiyo aibweza okha lole isanazime, ndipo madzulo akufunsani kuti kuofesi kunali bwanji."