Mafupa Amene Ndinasakaniza pa Sefa Imodzi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga tsamba lino. Ena mumandidziwa kuti ndine mtsikana uja wokumba mafupa. Lero ndikuuzani mmene ndinatsalira pang'ono kutaya ntchito yanga yoyamba chifukwa cha mseru, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira kudzera mwa munthu amene ndinkamutsekera mphuno.

Nditamaliza maphunziro, ndinatengedwa mongoyesedwa kwa chilimwe chimodzi m'gulu lofufuza mafupa akale amene anasanduka miyala. Tinkakumba m'chigwembe china cha ku Chinguluwe, pamalo amene kalekale nyanja inkafika. Anthu akamva za ntchito yathu amaganiza za zinyama zazikulu ngati nyumba. Ife tinkatola tizidutswa tofiirira tosaposa chala, ndipo tambiri tinali ta nsomba. Mtsogoleri wathu, amene tinkangowatchula kuti a Dokotala, ananeneratu tsiku loyamba kuti wodalirika yekha ndiye adzaitanidwenso chaka chotsatira. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri ndi digiri m'sutikesi, choncho mawu amenewo ndinawamva bwino.

Kuti udziwe kuti fupa lakale ndi la nsomba yanji, umaliyerekeza ndi fupa la nsomba ya lero imene dzina lake ukulidziwa. Mafupa oyerekezerawo sagulidwa m'sitolo. Umagula nsomba, n'kuiika mu ndowa ya madzi, n'kuvundikira, n'kuisiya padzuwa mpaka mnofu wonse utawola n'kusungunuka. A Dokotala akunyamuka kupita ku Lilongwe kwa milungu isanu, anandisiyira ntchito imeneyi. Malangizo anali atatu: nsomba iliyonse ikhale mu ndowa yake, ndowa iliyonse itsukidwe payokha, ndipo ndisalembe dzina limene sindikulitsimikiza.

Ndinkachita lendi chipinda pafupi ndi gombe limene maboti a ku chilumba cha Mbenji amakocheza. Kuchilumbako akazi sitipondako, choncho ndinadikira pamchenga ndi kugula nsomba zisanu ndi imodzi: kampango, mlamba, bombe, ncheni, chambo ndi mpasa. Ndinandandalika ndowa kuseri kwa nyumba, dzina lililonse pachivundikiro chake.

Abale, unali Okutobala. Pa tsiku lachitatu zivundikiro zinayamba kutukuka. Pa sabata yachiwiri madzi anali otuwa, pamwamba pakuyandama mafuta achikasu, ndipo m'mphepete mwa ndowa munkayenda mphutsi zonenepa ngati mpunga wophika. Ntchentche zobiriwira zinkatera pakhomo, pa sopo, pamilomo ya kapu. Fungo linalowa m'tsitsi, m'pilo, mu tiyi. Kutchalitchi mayi wina amene tinkakhala benchi imodzi anasuntha pang'onopang'ono nyimbo ili mkati, mpaka anakafika kumapeto. Pa minibasi yopita ku boma, kondakitala anandiuza kuti ndikhale kumbuyo ndi madengu.

Kuseri kwa mpanda wa bango kunkakhala Abiti Amadu, mayi wachikulire amene amang'amba nsomba ndi kuziyanika pathandala. Ndikuvomereza pamaso panu kuti ndinkanyansidwa nawo. Manja awo ankakhala ndi mamba mpaka m'zigongono. Ndinkadutsa pakhomo pawo nditaphimba mphuno ndi chitenje, moni ndikupereka chothamanga. Mumtima ndinkati fungo langa ndi la sayansi, lawo ndi la umbuli.

Tsiku lotsuka linafika, kutatsala masiku anayi kuti a Dokotala abwere. Ndinavala magolovesi, n'kuika sefa pabeseni, n'kuvundukula ndowa ya kampango. Chimene chinatuluka mmenemo sindingachitche fungo. Chinandimenya pakhosi, ndinasanza pomwepo. Nditapukuta pakamwa ndinayang'ana ndowa zisanu zotsalazo, n'kuwerenga kuti ndisanza kasanu kena. Ndiye ndinaganiza mwanzeru za kusukulu: ndili ndi buku la zithunzi, ndidzasankha mafupawa akauma. Ndinakhuthulira ndowa zonse pa sefa imodzi nkhope nditayang'ana kumbali, n'kuthira madzi. Pasanathe theka la ola ndinali nditamaliza, ndipo ntchito ya milungu isanu ndinali nditaiwononga.

Ndinazindikira mmawa mwake. Mutu wa nsomba ukawola sukhala mutu, umamasuka n'kukhala tizidutswa tambirimbiri. Buku langa linkaonetsa mitu yathunthu, komanso ya nsomba za m'mitsinje ya maiko ena. Pamphasa panga panali mulu umodzi woyera, wonyowa, wonunkhabe. Kuyambiranso kukanatenga mwezi. Ndinakhala masiku awiri ndikutembenuza mafupa ndi supuni, ndipo palibe chimene ndinatsimikiza.

Apa ndi pamene ndinagwa kachiwiri, kugwa koipa kuposa koyamba. Ndinatenga timatumba tapulasitiki n'kuyamba kugawa mafupa mongoganizira. Aakulu ndinkalemba kampango, apakati chambo. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Fupa lolembedwa dzina labodza limanamiza aliyense amene adzaligwire, ndipo wina adzalemba kuti kalekale m'nyanja muno munali nsomba imene munalibe. Koma ndinkaona sutikesi ija ndi khonde la kwathu, ndipo ndinapitiriza kulemba.

Lachinayi mmawa ndinalephera kumwa tiyi. Nthawi imeneyi mseru sunkachokera m'ndowa, unkachokera mwa ine. Ndinagwada pambali pa mphasa ija n'kupemphera mwachidule. Ndinauza Ambuye kuti ndachita ulesi, ndanyada, ndipo tsopano ndikunama. Ndinapempha kuti andipatse njira ina, ndipo ngati palibe, andipatse mphamvu zokanena zoona ndi kunyamula katundu wanga.

Ndisanadzuke n'komwe, chitseko cha mpanda chinakankhidwa popanda odi. Anali Abiti Amadu, ndipo sanabwere kudzathandiza. Ananena kuti apirira mwezi wathunthu, kuti ntchentche zanga zikutera pa nsomba zawo, kuti ogula a ku boma ayamba kufunsa, ndipo lero lomwe akukauza eni nyumba andichotse. Ali mkati molankhula, maso awo anagwera pa timatumba tija. Anatola kamodzi, n'kundifunsa chimene ndalembapo. Ndinati chambo.

"Chambo?" anatero, akutulutsa kafupa kokhala ndi mano. "Inu a sukulu, chambo cha kuti chokhala ndi mano ngati singano? Uyu ndi ncheni."

Anatsegula thumba lachiwiri, lachitatu, akupukusa mutu. Ndinawauza zonse, ndikulira. Sanandilimbikitse. Anati ndi manyazi kuwoletsa kampango wathunthu ana akugona ndi njala, koma manyazi aakulu ndi kumuwoletsa pachabe. Kenako anakokera chitenje m'mawondo n'kukhala pamphasa.

"Vulani masokosi a m'manjawo," anatero, akuloza magolovesi. "Nsomba saidziwa ndi maso okha."

Ndinavula. Mafupa anali oterera ndi mafuta, ndipo m'timabowo tina munali mphutsi zakufa. Iwo ankatola limodzilimodzi n'kuliika m'manja mwanga kuti ndilikhudze ndi chala chachikulu. Munga wa pachipsepse cha kampango uli ndi mano ngati sowo, ndipo anandionetsa chipsera chake pachikhatho chawo. Fupa la pamutu pa mlamba ndi lokhakhala, la timatuza. Mpasa alibe mano pakamwa, koma ali ndi minga yopyapyala ya mphanda, imene anati inatsamwitsapo mwana wawo wamkulu. Mzikiti utaitana, anasamba m'manja ndi phulusa ndi ndimu, n'kupita kukaswali, n'kubweranso. Ndinkaganiza kuti sabwera.

Chimene chinandipulumutsa kwenikweni chinali mulu wachisanu ndi chiwiri. Mafupa ambiri a msana, ndi ena a pamutu amene mlamba ndi bombe amafanana, iwo ankawatembenuza kawiri n'kuwaponya pambali. Nditawapempha kuti angoganizirako, anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti agulitse nsomba yadzulo ngati yalero.

"Amenewa sindikuwadziwa. Adziwa ndi Mulungu. Lembani choncho."

Pofika chakumadzulo tinali ndi milu inayi yotsimikizika, iwiri yaing'ono ya mlamba ndi bombe, ndi mulu waukulu umene ndinaulemba kuti "sitikudziwa". Asanachoke anandipatsa lamulo limodzi, lakuti ndowa zanga zisadzayandikirenso thandala lawo.

A Dokotala anafika Lachisanu masana. Ndinawauza za sefa imodzi ija, za timatumba tabodza, ndi za amene anasankha mafupa. Anakwiya, ndipo sanabise. Anati theka la ntchitoyo latayika, ndipo mlamba ndi bombe ndiwoletsanso ndekha, kutali ndi nyumba za anthu. Kenako ananyamula thumba lalikulu lolembedwa kuti "sitikudziwa" n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anati aonapo ophunzira ambiri amene matumba awo onse amakhala ndi mayina, ndipo amenewo ndi amene amawaopa.

"Thumba ili ndi limene lakusungirani malo," anatero. "Tiyeni mukandionetse aphunzitsi anu."

Tinawapeza akung'amba nsomba. A Dokotala anatulutsa m'kabokosi kachidutswa kofiirira kamene tinakumba ku Chinguluwe, kamene tinakhala tikukangana za iko kwa miyezi iwiri. Abiti Amadu anapukuta dzanja pachitenje, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake.

"Kampango uyu," anatero. "Koma ndiye anafa kale, eti?"

A Dokotala anakayerekeza ndi munga wa m'thumba lathu, ndipo mano ake anagwirizana. Dzina la mayiyo linalembedwa m'buku la ntchito pambali pa langa. Chaka chotsatira ndinaitanidwanso.

Sindikunamizani kuti fungo lija ndinalizolowera. Ndowa ziwiri zobwerezazo ndinazitsuka iliyonse payokha, ndipo ndinasanza kawiri. Mpaka lero ndikavundukula ndowa m'mimba mumatembenuka, kungoti tsopano sinditembenuza nkhope.

Ndikuthokoza Ambuye amene sanandisiye ndi bodza langa, ndipo ndikuthokoza mayi amene timapemphera mosiyana koma anandikumbutsa lamulo limene ndinaliiwala. Inu amene mwayamba kumene ntchito ndipo mwalakwitsa chinthu chimene mukuopa kuchinena, musachikwirire ndi dzina labodza. Pirirani, pempherani, nenani zimene mukudziwa, ndipo zimene simukudziwa zikhale m'thumba lakelake. Ine ndinkayembekezera kuti yankho la pemphero langa lidzabwera laukhondo. Linabwera lokwiya, popanda odi, mamba ali m'zigongono. Lanu likamafika, abale, musatseke mphuno. Ambuye akudalitseni.