Boti Limene Amuna Anga Anapanga

Abusa, amayi busa, abale ndi alongo, ndakulonjerani m'dzina la Yesu. Ndine mayi a Tadala, a ku Orange Farm. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, mtimawu sunakhazikike.

Amuna anga ankagwira ntchito ya faibagalasi, youmba zinthu zolimba ngati pulasitiki, ku Marlboro konkuno ku Joni, kenako anaitanidwa ku Kapa, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja, kukapanga maboti. Atabwera pa Khirisimasi anandionetsa pafoni boti lawolo, akuti katamarani. Ine osamvetsa. Anatenga mabuledi awiri n'kusanjika thireyi pamwamba.

"Mabulediwa ndi mabwato awiri, m'katimo muli zipinda zogona," anatero. "Thireyiyi ndi pabalaza ndi khitchini. N'lotambalala, silipendekeka. Ngakhale tiyi satayika, mayi a Tadala."

Ankalikamba ngati mwana wawo, abale. Akuti n'lopepuka, mphepo ikadzaza m'matanga limathamanga osadya mafuta. Akuti lili ndi sola, lili ndi makina osandutsa madzi amchere kukhala akumwa, anthu amakhala momwemo ngati m'nyumba.

Botilo litatha kupangidwa, mwini wake anawapempha kuti apite nawo, awoloke nalo nyanja mpaka ku Brazil. Ndinakana. Munthu wa ku Dedza, kusambira komwe sadziwa! Iwo anati, "Zaka zonsezi ndimangoona maboti anga akuchoka. Ndiloleni ndikamveko mmene limayendera." Atabwera kudzatsanzika, ndinawaperekeza kokwerera basi ku Park Station misozi ili m'masaya.

Pafoni panga panali kadontho kosonyeza pamene afika. M'mawa uliwonse ine ndi mwana wanga Tadala tinkakaona katasuntha. Tsiku lina kanaima. Mawa lake, pomwepo. Sabata yonse, pomwepo. Ndinaimbira a ku kampani, anangoti, "Mama, nafenso sitikuwapeza."

Amayi anzanga, mukundimva? Kuno ku Joni kulibe nyanja. Ndinalibe ngakhale poti n'kukaima kumayang'ana kumene analowera. Ndinkangotenga ovolosi yawo yakale, yonunkha guluu, n'kuikumbatira. Fungo lija kale ndinkadana nalo, eish, koma ndinakana kuichapa. Kupemphera kunandikanika. Ndinkangoti, "Ambuye, Inu mukuwaona. Ine sindikuwaona, koma Inu mukuwaona."

Lachinayi lapitali ndikusita zovala kuntchito, foni inalira, nambala yachilendo.

"Mayi a Tadala, ndine."

Ndinakhala pansi pomwepo.

Akuti mphezi inamenya mlongoti n'kuwotcha zamagetsi zonse, n'chifukwa chake anasowa. Kenako bwato lakumanzere linagunda chinthu m'madzi n'kubooka kutsogolo. "Madzi analowa," anatero, "koma anathera pa khoma lam'kati lomwe ndinamata ndi manja angawa. Tinachepetsa matanga, n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka kumtunda ku Brazil." Ndinawafunsa ngati akudya. Anaseka, kenako tonse tinangolira.

Sanabwere, abale. Akadali komweko, akukonza boti, ndipo tsiku lobwera sakulidziwa. Ndimawasowa. Ndikamva geti likutseguka ndimadzidzimukabe, ndimasuzumira pawindo. Ndikaona chinthu choseketsa mutekisi ndimatembenuka kuti ndiwauze, pambali panga pali munthu wina. Koma tsopano ndikudikira munthu wamoyo. Wamoyo, abusa!

Zikomo Yesu amene munawasunga pamadzi paja. Zikomo amayi a chigwirizano amene munkabwera kudzakhala nane. Mupitirize kutipempherera mpaka adzalowe pakhomopo ndi miyendo yawo. Koma lero musandisiye ndekha, imirirani, lululutani nane, muombereni Yehova m'manja!