Tsiku limene ndinathawitsa mudzi wonse

Aulutsi, ndine mayi wa ku Chiputo, ndipo ndikufuna anansi anga amve nkhaniyi pa wailesi.

Mng'ono wanga anamwalira pa njinga nthawi ya mvula, tikupita naye kuchipatala kukachira. Nditamva kuti ku Maputo kuli maratona, mpikisano wothamanga mtunda wautali, ndipo ndikathamanga anthu akufuna kwabwino atithandiza kumanga nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, ndinalembetsa.

Tsiku loyamba kukonzekera ndinadutsa pakati pa mudzi ndi liwiro. Kwathu munthu wamkulu sathamanga popanda chomuthamangitsa. Amayi ena achikulire, amene tinathawira nawo ku Zambia nthawi ya nkhondo, atandiona anangobereka mdzukulu, ulendo wa kutchire. Enanso n'kutsatira, mbuzi osamasula.

Anthu atabwerako kutchire kuja, apongozi anga aamuna anandiitanitsa. "Mwatichititsa manyazi. Mayi wa ana, kumathamanga ngati wamisala? Zimenezi zithe lero."

Ndinagwada n'kupepesa chifukwa cha mantha aja, koma kusiya ndinakana. Ndinati, "Bambo, pothawa nkhondo ndinathamanga mng'ono wangayo ali kumsana. Palibe anati n'zamanyazi."

Ku Maputo ndinafika kumapeto ndili m'gulu la otsalira, zikhadabo za kumapazi zitada, ndikulira. Koma ndinafika, ndipo maziko a nyumba ija akumbidwa.

Inu amene mumandisekabe, mukandiona mawa ndikubwera, musathawe. Palibe akundithamangitsa. Ingopatukani, ndidutse.