Oilo Wosatha wa a Gilford

A Gilford, mkulu wa mpingo ku Kawale, bambo woopa Mulungu amene amadyetsa banja lawo ponyamula kabichi wa ku Tsabango pa pikapu yakale ya dizilo, anafika pa galaja ya a Shaibu ku Biwi nkhope ikuwala, nyimbo ili pakamwa. Sanabwere kudzakonzetsa galimoto ayi, anabwera kudzafuna mboni.

"Mwadzuka bwanji, a Shaibu? Tasiyani masipanalawo, mudzaone ntchito za Ambuye!"

"Tadzuka, akulu ampingo. Ambuye agwira pati? Pa magiya?"

"Tsegulani boneti. Sololani kachitsulo koyezera oilo. Muone ndi maso anu."

A Shaibu anasolola, anapukuta ndi sanza, anabwezera, anasololanso. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Wapitirira mzere. Wathira ndani?"

"Eyaa! Funso lake ndi lomwelo!" A Gilford anawomba m'manja. "Palibe!"

"Ndiye kuti ndi mayi a kunyumba."

"A Dailesi? Sadziwa n'komwe kumene boneti imatsegukira. Chithereni mvula sindinagule oilo ngakhale dontho, koma akungokwera. Simunamve za mayi wamasiye uja, amene mafuta ake sanaleke kutuluka mpaka zotengera zonse zitadzaza?"

"Wa ku Chinsapo uja, wa minibasi yoyera?"

"Ayi! Wa m'Malemba!"

"Ooh. Galimoto yake inali ya dizilo kapena ya petulo?"

"Analibe galimoto, a Shaibu! Anali ndi kamtsuko!"

"Ndiye kamtsuko kalibe mainjekita. Yanuyi ili nawo anayi."

A Gilford anayang'ana kumwamba ngati munthu wopempha chipiriro, ndipo anachilandira, pakuti mtima wawo unali wabwino.

A Shaibu anawayandikizira kachitsulo kaja kumphuno. "Tanunkhizani."

"Mmm. Fungo la madalitso."

"Dizilo."

"Madalitso!"

"Ine pa filingi siteshoni ndimamva fungo lomweli. Takhudzani ndi chala. Oilo amanenepa, amananda ngati uchi. Uyu wasanduka tiyi wa pamaliro."

"Wapepuka chifukwa ndi watsopano. Wochokera kumwamba angalemere bwanji?"

"Sakuchokera kumwamba. Akuchokera kumbuyo uko," anatero a Shaibu akuloza thanki. "Mainjekita, timipopi tothira dizilo mu injini, akudontha. Dizilo m'malo mopsa akutsikira pansi, n'kukasakanikirana ndi oilo. Tandiuzani, thanki sikutha msanga masiku ano?"

A Gilford anakhosomola. "Amenewo ndi mayesero. Dalitso silibwera lokha. Mdierekezi wagwira ku thanki, Ambuye agwira ku injini."

"Onse awiri m'galimoto imodzi?"

"Nkhondo yake imakhala choncho."

"Paipi yake ndi imodzitu, abambo. Chimene akuba uyo ndi chomwecho akupereka uyu."

"Haa! Lapani, a Shaibu!"

"Ndalakwa chiyani? Paipi ndi iyi, igwireni."

A Gilford anakana kuigwira. Anaika manja kumbuyo, anazungulira pikapu kamodzi, kenaka anabwera ndi mawu ofewa.

"Tamverani, achimwene. Lamulungu lino ndikupereka umboni mu tchalitchi. Abusa alengeza kale, kwaya yakonzeka. Koma mukudziwa anthu a ku Kawale, ena adzati ndimathira ndekha. N'chifukwa chake ndikufuna inu muime pambali panga. Makanika, Msilamu, munthu wopanda chifukwa chotikondera. Mukalankhula inu, ndani adzatsutse?"

"Ndibwera. Nsapato ndidzavule pakhomo?"

"Ayi, kwathu timalowa nazo."

"Ndikanene chiyani?"

"Kuti inu simunathiremo oilo."

"Zimenezo n'zoona, ndidzanena. Kenaka ndidzati muli dizilo."

"Ayi! Mukangoti simunathire, mudzakhale pansi. Kwaya idzayamba."

"Ndidzadikira imalize."

"Ikamaliza ndi chopereka."

"Ndidzadikiranso."

"A Shaibu, kodi mutu wanu uli ndi magiya angati? Imodzi yokha?"

"Mutu ulibe magiya, abambo."

A Gilford anavula chipewa n'kudzipepesa nacho mphepo. Mayi wina wogulitsa mandasi anaima pa geti kuti amve, koma a Gilford atamuyang'ana anapitirira.

"Chabwino," anatero a Gilford. "Tinene kuti ndi dizilo, ngakhale si dizilo. Vuto lake n'chiyani? Galimoto ikuyenda. Ikungotulutsa kautsi koyera, ngati ka nsembe."

"Zitsulo za m'katimu zikukhulana zopanda chofewetsa. Ndipo akapitiriza kukwera, tsiku lina injini idzayamba kumwa oilo wake womwewo. Idzabangula yokha. Mudzachotsa kiyi, koma osazima."

Maso a a Gilford anatuzuka. "Mwati bwanji? Kulira popanda kiyi?"

"Eya."

"Kiyi ali m'thumba, injini ikuyenda?"

"Eya."

"Aleluya! Ndiye mukuti si chozizwitsa? Zimenezo mudzanenenso Lamulungu!"

"Ndidzanena. Imabangula mpaka kunoka."

"Kunoka?"

"Kufa. Zitsulo zimatulukira m'mbali."

"Koma isanafe, imayenda nthawi yaitali bwanji?"

"Nyimbo munkaimba pobwera ija, simungamalize ndime imodzi."

Apa chipewa chinasiya kugwedezeka. A Gilford anaona m'maganizo mwawo pikapu itaima pakati pa msewu, utsi uli kobo, kabichi akufota padzuwa, ana akuyang'ana mayi awo madzulo. Pikapu imeneyi ndiyo inali khasu lawo, munda wawo ndi nkhokwe yawo.

"Mukundiopseza," anatero motsitsa mawu.

A Shaibu anang'amba kachidutswa ka katoni, anadonthezapo oilo watsopano wa m'chigubu chawo, pambali pake n'kudonthezapo wa m'pikapu. Woyambayo anangokhala phee pamalo pake. Winayo anathamanga, n'kujambula bwalo lotuwa mozungulira.

"Uyu akuthawa," anatero a Gilford.

"Dizilo sakhazikika."

A Gilford anatola katoni, ananunkhiza, ulendo uno ndi mphuno osati ndi mtima. Kenaka anakhala pa tayala lakutha, chipewa pa bondo. Munthu wokhulupirira akapunthwa amamva kuwawa kawiri, koma a Gilford ankadziwa bwino lomwe kuti Mulungu wa choonadi sasowa mboni yabodza.

"Ndiye Lamulungu ndikaime bwanji pamaso pa mpingo? Ndikati chiyani? Kuti Aleluya, mainjekita akudontha?"

"Mukanene kuti mwafika kuno injini isanafe. Ambiri amafika atakokedwa ndi chingwe."

A Gilford anawayang'ana, maso atanyowa pang'ono. "A Shaibu, mwalalikatu pamenepa."

"Sindinalalike. Chingwe chake ndi icho chili pa khomapo." Anasuzumiranso mu injini, akukanda ndevu. "Koma pali chimene chikundizunguza. Mmene akudonthera mainjekitawa, oiloyu akanakhala atasefukira kalekale. Akupita kuti wina?"

A Gilford anayamba kupotokola chipewa.

"Ndimatapako."

"Mumataya kuti?"

"Kutaya? Dalitso amataya? Ndimathira m'mabotolo."

"Mabotolowo ali kuti?"

"Munthu ukalandira kwaulere, umapereka kwaulere, a Shaibu."

"Mwapatsa ndani?"

"Abusa. Botolo loyamba linali lawo, ngati zipatso zoyamba. Anathira m'galimoto ya mpingo titapemphera."

"Basi?"

"A Luckson, mlembi wathu, ali ndi maminibasi awiri opita ku Area 25. Sindikanadalitsa imodzi n'kusiya inzake."

"Basi?"

"Mayi Agatha a chigayo. Iwowo anachita kubwera ndi chigubu chawo, ali ndi chikhulupiriro chachikulu mayi amene aja. Ndiye anyamata a njinga zamoto a mu kwaya, aliyense kabotolo kake. Ndi jenereta ya ku tchalitchi. Ndi apongozi anga a ku Mgona, ngakhale iwo sapemphera, ndinati mwina akaona atembenuka."

A Shaibu anaika sanza pansi pang'onopang'ono.

"Zonsezo zikuyendera tiyi ameneyu?"

"Zonse." A Gilford anagwira mutu ndi manja awiri. "Mayo ine! Ndawononga mpingo wonse! Tichite chiyani, achimwene?"

"Zibwere kuno zisanayendenso. Kukhutula oilo yense, kutsuka, kusintha mafyuluta. Iliyonse payokha. Chigayo ndidzapita konko."

"Ndiwaimbira lero lomwe. Adzandiseka mpaka kumanda, koma ndiwaimbira."

A Shaibu anatembenuka, anayang'ana bwalo la galaja yawo, lalikulu, losesedwa bwino, lopanda galimoto ina koma pikapu yokhayo. Kenaka anakweza manja onse awiri kumwamba.

"Alhamdulillah!"

"Mwatani?"

"Abambo, mwezi uno wonse pano sipanalowe ngakhale wilibala. Ndakhala ndikungotsuka masipanala oyera kale. Lero m'bandakucha ku mzikiti ndinapempha kuti, Mwini zonse, nditumizireni galimoto imodzi yokha. Imodzi! Taonani mmene wandiyankhira: mpingo wathunthu, ndi chigayo chomwe!"

"A Shaibu..."

"Lamulungu ndibwera ndithu. Kwaya isadzavutike kundidula, ndili ndi umboni wanga. Oilo uja ndi wodalitsika, akulu ampingo! Ndi chozizwitsa!"

A Gilford anadzambatuka pa tayala paja, n'kuwagwedezera kakatoni kaja kumaso.

"Iyayi, a Shaibu! Musamanamizire Mulungu! Ndi mainjekita amenewo!"