Dalitso ankamvera tonse awiri

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene sathyola bango lophwanyika. Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Dalitso, amene anatsala pang'ono kuchotsedwa m'kalasi mwake chifukwa cha masamu.

Tinafika ku Silver Spring kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, bambo ake atapeza ntchito ku Washington. Kwathu ndinali mphunzitsi, koma kuno anati ndiyambirenso maphunziro a uphunzitsi. Dalitso anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo masamu ochotsera anamukanika. Ndinkamuphunzitsa akaweruka, koma ankalakwabe. Kenako akusukulu anatiitana n'kutiuza kuti akuganiza zomusamutsira ku kalasi ya ana ochedwa kumva.

Mwana uja anasiya kuseka. M'mawa ankadandaula m'mimba, chakudya chamasana n'kubwera nacho chosakhudza. Bambo ake ankati ndi ulesi. Ine ndinkalira m'basi, nkhope nditalozetsa kuwindo, kufunsa Mulungu ngati tinawolotsa mwana nyanja kuti adzatchedwe mbuli. Yankho silinkabwera.

Loweruka lina mayi wotiphunzitsa ku koleji ya uphunzitsi anati mwana akamalakwa mofanana nthawi zonse, pali lamulo limene akulitsata mokhulupirika. Anati tisathamangire kumukonza, timupemphe achite samuyo akulankhula.

Nditafika kunyumba ndinamupatsa 52 kuchotsa 27. Anapeza 15 m'malo mwa 25. Ndinayang'ana masamu ena amene analakwa, ndipo monsemo munkasowa khumi. Ndinamupempha andifotokozere, ine nditatseka pakamwa.

Kwathu tikabwereka khumi, tinkalibweza powonjezera 1 pa nambala ya m'munsi. Kuno amachotsa 1 pa nambala ya pamwamba, osabwezanso. Dalitso ankatsata njira zonse ziwiri, choncho khumi linkachoka kawiri. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anayankha m'Chingerezi, maso ali pansi: "Ndikasiya yanu mukhumudwa, amayi. Ndikasiya ya aphunzitsi, andikalipira."

Ndinalowa kuchipinda n'kugwada. Miyezi yonse ija mwana ankasenza magoli awiri, osauza munthu.

Lolemba ndinapita kukaonetsa aphunzitsi ake. Anali asanaonepo njira yathuyo, ndipo anandipempha ndiibwereze pabolodi. Tinagwirizana kuti atsate ya kusukulu yokha, ndipo ya kwathu ndinaisiya. Sanamusamutse. Masamu anawongoka msanga, koma kuseka kunachedwa kubwerera, ndipo kwa nthawi yaitali ankabisa pepala ndi dzanja ndikamadutsa.

Inu amene mukulera ana m'dziko la eni, musataye mtima, ngakhale yankho litachedwa. Ambuye akupatseni makutu oleza pamaso pa ana anu, ndipo awapeputsire katundu amene akusenza mwakachetechete. Ameni.