Ulendo Wachitatu wa a Geresomo Alfandika

Malemu anabadwa pa mudzi uno wa kwa Mlolo m'chaka cha 1895. Tsiku lake sitilidziwa; mayi athu ankangoti mapira anali atacha. Ine ndikuyankhulane ndine Elisha, mng'ono wawo.

Bambo athu anali msodzi, ndipo a Geresomo anakulira m'bwato. Sukulu anayamba mu 1907 ali mnyamata wamkulu kale, kulemba kwake kwa chala pamchenga. Mu 1913 a mishoni anawasankha kuti akaphunzire uphunzitsi kumtunda. Anati maphunzirowo ndi a zaka zinayi: theka la chaka m'kalasi, theka linalo kuyesera kuphunzitsa m'midzi. Chaka chotsatira anakwatira mayi Esinala, amene akhala pakhondepo.

Mu 1916, kutangotsala chaka chimodzi, anagwidwa tengatenga. Anasenza katundu wa nkhondo zaka ziwiri, nabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Asanapume n'komwe, chimfine cha 1918 chinawalanda mwana wawo woyamba, Fanuel.

Mu 1920 anabwerera ku maphunziro, koma anawayambitsa pachiyambi. Anakhala benchi limodzi ndi anyamata amene iwo omwe anawaphunzitsa a, e, i, ndipo sitinamve akudandaula. Njala ya 1922 itavuta, anatseka mabuku n'kutsika kudzakumba nyika, mizu ya kakombo, m'dambo kuti banja lidye. Apo abale tinawauza kuti zakwana, agwire ukonde ngati ife. Ine ndiye ndinawayankhula mwaukali, ndipo lero ndikuvomera pamaso panu. Anangondiyankha kuti, "Elisha, ana athuwa aziphunzitsidwa mpaka liti ndi munthu wosamva Chisena?"

Mu 1924 anapita kachitatu. Kuzizira kwa kumapiri kunawalowa m'nthiti. Mayeso otsiriza analemba mu Novembala chaka chino cha 1925, kansalu ka magazi atakabisa m'thumba poopa kubwezedwa. Matenda atakula, anzawo anawanyamula pamachira mpaka kusitima, ife tinakawalandira pa Chiromo. Atisiya dzulo masana, Lachiwiri pa 15 Disembala.

Lero m'mawa, manda akukumbidwa, kwafika kalata. Mayi Esinala sadziwa kuwerenga, choncho wawawerengera ndi Dorika, mwana wawo wa zaka zisanu ndi zinayi. Kalatayo ikuti a Geresomo akhoza, ndipo apatsidwa sukulu ya m'mudzi muno kuyambira Januwale.

Malemu asiya mayi Esinala, ana awiri, Dorika ndi Luisa, mlongo wathu Otilia, ndi ine. Tikuthokoza a mpingo, asodzi amene anatiolotsa ndi wodwala osawerengera mphepo, ndi anzawo a kumaphunziro amene ayenda mtunda wonsewu kudzanyamula bokosi.

Moyo wawo wonse ankakana kuti tiziwaitana aphunzitsi, ankati sanafikepo. Lero tiloleni titero. Aphunzitsi Alfandika, mzimu wanu uuse mumtendere.