Mayi Amene Anatsitsa Zenera la Mankhwala

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1954, mzime m'banja la ana asanu, ndipo ine ndaima pano ndine wachisamba. Ali ndi zaka zinayi anadwala poliyo, miyendo yonse inafota. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kuwalondera ndi kuwachenjeza, koma abale anga, tsiku limene anandimvera sindikulikumbuka.

Mu 1963 anati akufuna sukulu. Ndinawauza kuti panjira pali agalu, pali magalimoto, anzawo akawaseka. Anapita ndithu, mawondo atakulunga zigamba, mpaka anafika Sitandade 8. Mu 1974 anaphunzira utelala pa makina opukusa ndi dzanja. Mu 1978 anakwatiwa ndi alamu anga osoka nsapato aja, amene ndinkati ali ndi maso oyendayenda. Anakhala mwamtendere mpaka bambowo anatisiya mu 2011.

Makina awo ankakhala pakhonde la golosale, moyang'anizana ndi chipatala chathu chaching'ono, ndipo ali pamenepo ankaona zimene ife a miyendo sitinkaona. Pakhomo la chipatala panali masitepe. Olumala ankatsika panjinga n'kukwera chokwawa, m'dzinja m'matope momwemo. Zenera lolandirira mankhwala linali m'mwamba, moti wokhala pansi sankaoneka. Ankangomudumpha, iye n'kubwerera dzuwa litapendeka, chimanjamanja.

Mu 1996 malemu anasoka timbendera tofiira ndi nsalu zotsala, n'kutimangirira ku timitengo, n'kugawira aliyense wosatha kuimirira. Munthu akafika pansi pa zenera ankangokweza kambendera kake. M'mawa wina timbendera tinachuluka, moti mayi wopereka mankhwala anatuluka atakwiya kudzaona amene akuwachita chipongwe. Anapeza mzere wa anthu amene nkhope zawo anali asanazionepo, malemu ali patsogolo.

Ine tulo tinandithawa. Ndinawapitira malemu pakhonde la golosale paja n'kuwauza kuti wogwira jakisoni sakangana naye, tsiku lodzadwala iwo adzawakumbukira. Anangoseka n'kubwerera ku makina.

Mu 1998 anasankhidwa mu komiti ya chipatala, ndipo kumeneko sankapsatira mawu. Masitepe anagumulidwa mbali imodzi, panakonzedwa potsetsereka podutsa njinga. Zenera linatsitsidwa. Okalamba, osaona ndi amayi obereka ana olumala anapatsidwa benchi lawo kutsogolo. Kenako anamwino anayamba kuyendera m'makomo odwala osatha kudzuka. Msonkhano uliwonse ndinkawadikira pamsewu, poopa kuti nkhani yake ithera kupolisi.

Mu 2022 anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinawaletsa mchere, iwo ankaubisa m'kabati ya makina. Inu okonda kuwaza mchere musanalawe, mwamva. Mwezi wa Meyi chaka chino anagwidwa ndi sitoroko, pakamwa panatseka. Ndinati basi, tsiku lija lakwana: alibe pakamwa podzitetezera, ndipo ali m'manja mwa omwe ankakangana nawo. Ndinkakhala kumutu kwa bedi, maso ali pa jakisoni aliyense.

Anawakumbukiradi. Anamwino ankabwera kunyumba ngakhale tsiku lisali lawo. Mayi wopereka mankhwala uja, amene anapuma ntchito kalekale ndipo akuyendera ndodo, ankafika m'mawa uliwonse kudzathandiza kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Osaona ankabwera atagwirana m'mapewa kudzawaimbira, njinga za olumala zitadzaza pabwalo mpaka ine kusowa popita. Amwalira Lachiwiri lapitali m'nyumba mwawo, pabedi loyera, thupi lopanda chilonda ngakhale chimodzi.

Asiya ana atatu, adzukulu asanu ndi awiri, ndi ine mkulu wawo, amene tsopano ndilibe womuletsa.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino, a komiti, a mpingo, aneba amene munatunga madzi ndi kuchapa zofunda, ndi inu nonse mwabwera. Okalamba anzanga khalani pamthunzi, dzuwali si labwino. Amayi gwirani ana, asayandikire dzenje.

Mng'ono wanga, kumene mwapitako musakayambenso kukangana ndi akuluakulu. Ndikudziwa simundimvera. Mzimu wanu uuse mumtendere.